Galu Waswa Kuno ku Harare: Mafunso ndi Mayankho a Milungu 8 Yoyamba

Mafunso awa ndi amene ndimafunsidwa kawirikawiri tikatuluka m'tchalitchi, pamaliro, ngakhale pafoni pakati pa usiku. Ofunsa ndi anzathu a ku Mufakose, Mbare, Highfield, Epworth ndi Dzivarasekwa, komanso amene amagwira ntchito m'mayadi a ku Borrowdale ndi Highlands, kumene abwana akapita ulendo galu wabere amatsala m'manja mwa wa m'gadeni. Ndalera agalu zaka zambiri, ndipo ena mwa mayankhowa ndinawaphunzira nditakwirira kale ana.

Galu amakhala ndi bere nthawi yaitali bwanji? Ndidziwa bwanji kuti tsiku lafika?

Masiku 63 kuchokera pamene anakweredwa, ngakhale ena amaswa pa tsiku la 58, ena amafika 68. Tingoti miyezi iwiri. Ngati mukukumbukira mlungu umene agalu a m'dera lonse ankagona pageti panu, werengerani pamenepo.

Tsiku likayandikira amakana chakudya, amapuma wefuwefu, amalowa apa n'kutulukira apo, ndipo amakumba pansi kapena kung'amba masaka. Paja galu wamkota sakandira pachabe: akukonza chisa. Ngati muli ndi choyezera kutentha kwa thupi, muona kuti kwatsika kuchoka pa madigiri 38 ndi theka kufika cha m'ma 37. Zikatero, nthawi zambiri sipadutsa tsiku lathunthu asanayambe.

Aswere pati?

Mukapanda kumusankhira malo asankha yekha, ndipo amasankha kumene dzanja lanu silingafike: pansi pa galimoto yakufa, kuseri kwa mulu wa njerwa, kapena m'dzenje lokumba yekha m'munsi mwa mpanda wa simenti uja kuno timati durawall. Muzoloweretseni malo ake kutatsala mlungu umodzi kapena iwiri. Pakhale pakona ya chipinda, mopanda mphepo, kutali ndi agalu ena ndiponso ana a pakhomo.

Katoni yaikulu ya firiji kapena bokosi la matabwa zikwanira, bola make athe kugona motambasuka, ndipo m'mbali mwake mutalike moti iye adumphe koma ana asatuluke. Musaike ana pasimenti. Simenti imayamwa kutentha kwa thupi kuposa mmene ambiri timaganizira. Yalani makatoni pansi, manyuzipepala pamwamba pake, kenako bulangete lakale loyala mosalala. Mulu wa nsanza ndi woipa, chifukwa kamwana kamalowa m'kati, make n'kukagonera osakaona.

Wayamba kuswa. Ndithandize kapena ndimusiye?

Musiyeni, koma musapite kutali. Agalu ambiri amatha okha. Kamwana kamatuluka kali m'kathumba ka madzi, make amang'amba kathumbako, amakanyambita mpaka kalire, amaluma mchombo, ndipo nthawi zambiri amadya nsengwa. Zimenezo n'zachibadwa. Pakati pa mwana ndi mnzake pamadutsa mphindi 30 kapena ola, mwinanso amapumira maola awiri. Kamwana kotsogoza miyendo ya kumbuyo si tsoka, ambiri amabadwa choncho.

Mulowererepo pokhapokha make wangokasiya m'kathumba. Ng'ambani kumaso, pukutani mphuno ndi kukamwa, kenako kapukuteni mwamphamvu ndi thawulo louma mpaka kalire. Osakazunguza m'mwamba monga ena amachitira. Mchombo mangani ndi ulusi pa masentimita awiri kapena atatu kuchokera pamimba, dulani kutsogolo kwa mfundoyo ndi sizasi yowiritsa, ndipo musakoke. Wotsalawo uuma n'kugwa wokha pasanathe masiku atatu kapena anayi.

Thamangirani kwa dokotala wa ziweto ngati make wakankha mwamphamvu mphindi 30 popanda chotuluka, ngati papita maola atatu kapena anayi mimba ikuonekabe kuti muli ena, ngati kamwana katsakamira panjira, kapena ngati kwatuluka madzi obiriwira mwana woyamba asanabadwe. Galu wamng'ono amene anakweredwa ndi chigalu ngati boerboel ndiye muyenera kumuyang'anira kwambiri. Nambala ya dokotala ndi munthu wa galimoto muzipeze bere lisanakhwime, chifukwa 2 koloko usiku kombi (minibasi) simungaipeze.

Abadwa maso ali otseka ndipo sakumva. Ali bwino?

Ali bwino. Maso amatseguka pakati pa masiku 10 ndi 14, makutu amatsatira masiku ochepa pambuyo pake. Kuona maso a nkhono n'kudekha, musawatsegule ndi zala. Koma chikope chikatupa n'kumatuluka mafinya chisanatseguke, chimenecho n'chofuna dokotala.

Milungu iwiri yoyamba ntchito yawo ndi kuyamwa ndi kugona basi. Akamagona amadzidzimuka ndi kugwedeza timiyendo. Ndi chizindikiro chabwino, si khunyu.

Kodi n'zoona kuti ukagwira ana, make amawakana kapena kuwadya?

Galu amene amakudziwani sakana ana chifukwa cha fungo la dzanja lanu, ndipo muyenera kuwagwira tsiku lililonse kuti muwayeze, monga ndifotokozere kutsogoloku pa funso la kukhuta kwa ana. Chimene chimasokoneza make ndi chigulu: ana a oyandikana nawo kubwera kudzaona, phokoso, agalu ena kununkhiza bokosi. Akasokonezeka amayamba kusamutsa ana uku ndi uku, ndipo galu woswa koyamba akhoza kuwavulaza. Masiku oyamba alowe munthu mmodzi kapena awiri amene galuyo amawakhulupirira, atasamba m'manja.

Make akamakankhira kamwana kamodzi pambali, nthawi zambiri kamakhala kazizira kapena kadwala. Onani funso la kamwana kofooka.

Chimapha ana kwambiri mlungu woyamba n'chiyani?

Kuzizira. Anthu amafulumira kunena za matenda, ena za njiru ya anansi, koma ana ambiri amene ndawaona akufa asanatsegule maso anafa ndi chisanu ndi njala, ndipo ziwirizi zimayendera limodzi. Kagalu kongobadwa sikatha kudzitenthetsa, ngakhale kunjenjemera sikatha masiku oyamba. Kutentha konse kamatenga kwa make ndi kwa anzake. Kakazizira kamasiya kuyamwa, m'mimba mumasiya kugaya, shuga wa m'thupi amatha, ndiye kamazizira kwambiri kuposa poyamba. Zonsezi zimatha kuchitika usiku umodzi.

Harare ili pamtunda wa mamita pafupifupi 1,500, ndipo amene anakulira ku Chikwawa kapena ku Salima amadziwa mmene Juni ndi Julayi wa kuno amalumira. M'bandakucha kumatsika pansi pa madigiri 10, m'madambo udzu umayera ndi chisanu. Pamene ana agona pamafunika madigiri 29 mpaka 32 mlungu woyamba, cha m'ma 27 mlungu wachiwiri, n'kumatsika pang'onopang'ono kufika 22 kapena 24 pa mlungu wachinayi. Make akakhalapo amakwanitsa mbali yaikulu ya ntchitoyi ndi thupi lake. Vuto limabwera akatuluka kukauwa pageti n'kukhalitsa.

Ana amakuuzani okha. Akaunjikana mulu umodzi n'kumalira, akuzizidwa. Akamwazikana aliyense kwake, kukamwa yasa, atenthedwa, ndipo zimenezi zimachitika mu Okutobala m'zipinda za malata kapena asibesitosi. Akagona moyandikana mwakachetechete, zonse zili bwino.

Magetsi athima usiku. Ndiwatenthetse ndi chiyani?

Botolo la madzi otentha. La pulasitiki la malita awiri likwanira: thirani madzi otentha koma osati owira, tsekani zolimba, kulungani ndi thawulo, ikani mbali imodzi ya bokosi kuti amene watenthedwa akwawire kwina. Limazizira pakatha maola atatu kapena anayi, ndipo botolo lozizira limayamba kuwalanda kutentha, choncho muyenera kudzuka kukasintha. Phimbani theka la bokosi ndi bulangete pamwamba. Sokosi yodzaza mpunga wotenthetsa nayo imagwira ntchito.

Mbaula musalowetse m'chipinda chotseka. Mpweya wa makala sununkha, koma umapha ana, make, ndi inu amene mwagona pambali kuti muwayang'anire.

Ndidziwa bwanji kuti akukhuta?

Gulani kapena bwerekani sikelo ya kukhitchini yowerenga magalamu. Pa zinthu zonse zimene mungawononge ndalama, iyi ndiyo imapulumutsa ana ambiri. Muziwayeza nthawi yofanana tsiku lililonse n'kulemba m'kabuku. Akafanana mtundu, adontheseni kadontho ka utoto wa zikhadabo pachala chosiyana, kapena lembani mawanga awo.

Tsiku loyamba akhoza kutsika pang'ono. Kuyambira apo aliyense azikwera tsiku ndi tsiku, ndipo pofika masiku 7 mpaka 10 kulemera kwake kukhale kuwirikiza kawiri kwa pobadwa. Amene waima masiku awiri osakwera ali pamavuto, ngakhale maso anu akuona ngati ali bwinobwino. Maso amachedwa kuona, sikelo siichedwa.

Tsiku loyamba lenilenilo onetsetsani kuti aliyense wayamwa. Mkaka woyamba uja, umene oweta ng'ombe amati chithuwi, ndi umene umapatsa mwana chitetezo cha make, ndipo matumbo ake amatha kuulandira m'maola 24 oyamba okha, makamaka 12 oyambirira. Ana akachuluka kuposa mawere, chotsani akuluakulu kwa mphindi zingapo, muike aang'ono ku mawere a kumbuyo amene amakhala ndi mkaka wambiri.

Kamodzi kafooka, kazizira, sikakuyamwa. Nditani?

Musakamwetse mkaka. Apa ndi pamene ambiri timalakwitsa chifukwa cha chifundo. Kamwana kozizira sikagaya, ndipo mkaka umabwerera n'kulowa m'mapapo. Kaikeni m'malaya mwanu, khungu kukhungu, katenthe pang'onopang'ono kwa ola kapena kuposerapo. Osakaika pamoto kapena m'madzi otentha. Pakani kadontho ka madzi a shuga pankhama zake. Kakayamba kugwedezeka ndi kuyamwa chala chanu, finyani bere la make kuti mkaka uonekere, n'kukagwirizira pamenepo.

Kakapanda kusintha pakatha maola awiri kapena atatu, kapena kakulira kosalekeza, pitani nako kwa dokotala kali m'malaya momwemo. Ndinene zoona: ena amafa ngakhale mwachita zonse, makamaka obadwa ochepetsetsa kapena obowoka kumwamba kwa m'kamwa, amene mkaka umatulukira m'mphuno akamayamwa.

Make wafa, kapena alibe mkaka. Ndingawapatse mkaka wa ng'ombe?

Wokhawokha ayi. Mkaka wa galu uli ndi mafuta ndi zomanga thupi zochuluka kuposa wa ng'ombe, pamene wa ng'ombe uli ndi shuga wa mumkaka wambiri amene amatsegula ana m'mimba. Mkaka waufa wa makanda a anthu nawonso ndi wopyapyala kwa galu, ndipo ufa woyeretsera tiyi si mkaka n'komwe. Chabwino koposa ndi galu wina woyamwitsa amene ana ake ndi amsinkhu womwewo, ngati angalole. Chachiwiri ndi mkaka waufa wopangira ana agalu, umene umapezeka kwa madokotala a ziweto ndi m'mashopu a zakudya za ziweto.

Zikakupezani usiku, sakanizani kapu imodzi ya mkaka wa ng'ombe wosachotsa mafuta, mbali yachikasu ya mazira atatu, supuni yaikulu imodzi ya mafuta ophikira, ndi kamchere kotsina ndi zala. Uwu ndi wodikirira tsiku limodzi kapena awiri, si wolerera. Utenthe ngati thupi la munthu, yesani padzanja.

Mlungu woyamba amwetseni maola awiri kapena atatu alionse, usiku womwe. Pa magalamu 100 alionse a kulemera kwa mwana musapitirire mamililita 4 nthawi imodzi, kotero wa magalamu 300 amwe osaposa 12. Agone chafufumimba, mutu utatukuka pang'ono monga amachitira pa bere, osati chagada ngati khanda la munthu. Mukagwiritsa sirinji yopanda singano, dontho ndi dontho. Mkaka ukatulukira m'mphuno mwafulumira, imani. Ndi ntchito yotopetsa, ndipo munthu amene amalawirira kuntchito m'tauni sangaithe yekha. Gawanani maola pakhomo.

Ana amasiyewa sakukodza, sakuchita chimbudzi. Chavuta n'chiyani?

Satha okha mpaka milungu itatu. Make amawanyambita kumimba ndi kumbuyo kuti zituluke. Inu tengani thonje kapena kansalu konyowa ndi madzi ofunda, sisitani pamenepo mofatsa akangomaliza kumwa. Mkodzo ukhale wotuwa. Ukakhala wachikasu kwambiri, madzi achepa m'thupi.

Make adye chiyani? Nsima ndi msuzi sizikwanira?

Sizikwanira. Galu wa pakhomo akhoza kukhala moyo ndi makoko a nsima, kaya kuno timati sadza, koma woyamwitsa ana 7 kapena 8 amauma mukuona, nthiti kuwerengeka, mkaka n'kuphwa. Pa mlungu wachitatu ndi wachinayi amafuna chakudya chowirikiza kawiri kapena katatu kuposa masiku onse, chogawa katatu kapena kanayi patsiku.

Amene angathe agule chakudya cha m'thumba cholembedwa kuti n'cha ana agalu, n'kumapatsa make. Amene sangathe asachite manyazi: nsima ikhale maziko, koma muikemo matemba otsukuluza mchere, mazira owiritsa, zam'kati za nkhuku, zodula za kubutchala zophika bwino, ndi masamba pang'ono. Mafupa a nkhuku ophika amathetheka n'kubaya matumbo. Ndiwo za anyezi wambiri si zabwino, anyezi amawononga magazi a galu. Madzi akhale pafupi ndi bokosi nthawi zonse, chifukwa make wabwino amalolera ludzu kusiyana ndi kusiya ana.

Make akunjenjemera ndi kupuma mofulumira. Ndi malungo?

Ngati akuyenda mouma miyendo, akunjenjemera, akudontha dovu, ndipo ana ali pakati pa mlungu umodzi ndi inayi, mwina kashiamu wamuthera m'magazi. Zimagwira kwambiri agalu aang'ono a ana ambiri. Chotsani ana pa bere, pitani kwa dokotala nthawi yomweyo, osadikira kuche. Jakisoni amamudzutsa msanga, koma kuchedwa kumapha.

Onaninso mawere tsiku lililonse. Bere lotupa, lotentha, lolimba, lotuluka mkaka wamagazi kapena wamafinya, n'lofuna mankhwala. Zotuluka kumaliseche zofiirira kwa milungu itatu n'zachibadwa, koma zikanunkha ndipo galu wasiya kudya, m'chiberekero mwalowa matenda. Panado ndi Brufen za m'kabati mwanu musamupatse. Mankhwala a anthu apha agalu ambiri amene eni ake ankafuna kuwathandiza.

Mimba zatupa koma ana ndi owonda. Ndi njoka za m'mimba? Zalowa bwanji asanadye kanthu?

Amabadwa nazo. Mphutsi za njoka zina zimadutsa kuchokera kwa make ali m'mimba, zina zimadzera mumkaka, ndipo zoyamwa magazi zimatha kuyeretsa nkhama za kamwana n'kukapha. Mankhwala a njoka ayambe ali ndi milungu iwiri, abwerezedwe milungu iwiri iliyonse mpaka milungu 12, make nayenso amwe. Funsani amadzimadzi a ana agalu, monga a pyrantel kapena fenbendazole, ndipo muyeso utsatire kulemera kwa m'kabuku kanu kaja, osati kuyerekeza.

Mazira a njokazi amakhala m'dothi ndipo amadwalitsa ana a anthu amene amasewera pansi n'kudya osasamba. Wolani chimbudzi cha agalu tsiku ndi tsiku.

Adzaza utitiri. Ndiwaviike m'dibi?

Ayi, chonde. Mankhwala a dibi ya ng'ombe, ufa wothira m'chimanga, palafini, oyilo wakuda wa galimoto, zonsezi ndaziona zikugwiritsidwa ntchito ndipo zonse zimapha ana. Utitiri nawonso si wosekera, umamwa magazi a kamwana mpaka kufooka. Pesani ndi chipeso chamano othinana n'kumamiza utitiri m'madzi a sopo, chapani zogonera ndi madzi otentha, yanikani padzuwa, sinthani makatoni. Make apatsidwe mankhwala amene dokotala wanena kuti ndi oyenera galu woyamwitsa. Mukakakamizika kusambitsa kamwana, madzi akhale ofunda, masana, ndipo kaume kotheratu kasanabwerere m'bokosi.

Nkhupakupa zichotseni ndi dzanja, kugwira pafupi ndi khungu. Kuno zimafalitsa matenda amene madokotala amati biliary. Galu amafooka, nkhama zimayera, mkodzo umada. Nthawi ya mvula ndiye zimachuluka.

Pakhungu patuluka zithupsa zokhala ndi kabowo pakati. N'chiyani?

Ndi mphutsi za ntchentche imene kuno amati putsi, yomwe ija imatichititsa kusita zovala zonse zoyanika panja. Imaikira mazira padothi lonyowa ndi mkodzo kapena pansalu zachinyezi, kamphutsi n'kuboola khungu. Kuyambira Novembala mpaka Malichi, ana ogona pansi kuseri kwa nyumba amapezeka nazo makumi.

Pakani Vaseline pakabowo kuti mphutsi isowe mpweya, dikirani pang'ono, finyani m'mbali mofatsa ituluke yathunthu, kenako tsukani ndi madzi a mchere. Yaing'ono kwambiri ikakana, musaiphwanyire m'kati, yesaninso mawa. Zikachuluka kapena zili pafupi ndi diso, dokotala achotse. Kupewa kwake ndi kuja kwa funso la malo oswera: asagone padothi, ndipo zogonera zawo muzisite.

Ayambe liti kudya?

Mano akayamba kutuluka, cha pa milungu itatu, muona make akuyamba kuwathawa. Pakati pa mlungu wachitatu ndi wachinayi apatseni phala m'mbale yosaya: chakudya cha ana agalu chonyika m'madzi ofunda, kapena phala la ufa losakaniza dzira lophika ndi matemba osinja. Masiku oyamba amalowamo ndi miyendo, zambiri zimathera pathupi. Limbitsani phalalo pang'onopang'ono, kanayi patsiku, ndipo pofika milungu 6 mpaka 8 akhale atasiya bere. Madzi akumwa akhale m'mbale imene sangamiremo.

Nthawi yomweyi ndi yowazoloweretsa anthu. Kuyambira milungu itatu mpaka 12 kagalu kamaphunzira zoti kaziope ndi zoti kasaope moyo wake wonse. Anyamulidwe, amve wailesi ndi tsache, aone ana ndi akuluakulu, koma m'kati mwa mpanda, pa chifukwa chimene chili m'funso lotsatirali.

Katemera ayambe liti? Kodi ndi wofunikadi kwa galu wachikuda?

Matenda sasankha mtundu. Woyamba abayidwe ali ndi milungu 6 mpaka 8, kenako kubwereza pakatha milungu itatu kapena inayi iliyonse mpaka afike milungu 16. Kubwerezako si kuba ndalama. Chitetezo chimene anayamwa kwa make chimatsekereza katemera, ndipo chimatha nthawi zosiyana mwa mwana aliyense, ndiye jakisoni mmodzi akhoza kugwira kwa uyu n'kulephera kwa uyo.

Mdani wamkulu ndi parvo, imene ambiri kuno amati cat flu ngakhale si chimfine. Kagalu kamasanza, kamatsegula m'mimba zamagazi zonunkha moipa, ndipo masiku awiri kapena atatu katha. Kachilombo kake kamakhala m'dothi miyezi yambiri, ngakhale kupitirira chaka, ndipo kamalowa pabwalo ndi nsapato. Ngati pabwalo panu panafera kagalu ndi matendawa, ana atsopano asaponde dothi limenelo asanamalize katemera. Pasimenti ndi mbale tsukani ndi Jik, gawo limodzi m'magawo 30 a madzi. Kuchiza parvo kumadya ndalama zambiri kuposa katemera yense.

Kupatula madokotala oima paokha, kuli a SPCA, bungwe loteteza nyama ku nkhanza, komanso chipatala cha ziweto cha pa University of Zimbabwe ku Mount Pleasant. Popita nyamulani ana m'katoni, musawaike pansi pamzere.

Nanga wa chiwewe?

Akakwana miyezi itatu. Uyu ndi wa lamulo m'Zimbabwe muno, ndipo chikalata chake musunge bwino chifukwa chimafunika potenga laisensi ya galu ku khonsolo ya mzinda. Munthu akalumidwa ndi galu wosadziwika, ngakhale kagalu, atsuke bala ndi sopo ndi madzi oyenda kwa mphindi 15, apite kuchipatala tsiku lomwelo. Chiwewe chikayamba kuonekera sichichizika.

Ndikufuna galu wolusa. Ndimudule mchira ndi makutu, ndimudyetse tsabola?

Mchira ndi makutu sizikhudzana ndi ukali. Mukungomupweteka, ndipo bala la lumo kapena mphira limalowa matenda. Tsabola, chamba, kutsekera mumdima, kumenya, zimatulutsa galu wamantha, ndipo galu wamantha amaluma mdzukulu wanu, wakuba akabwera n'kukabisala. Mlonda wabwino ndi galu wokhuta, wodziwa a pakhomo pake, amene akakula amazindikira yekha mlendo.

Ndigawe kapena kugulitsa ali ndi milungu ingati?

Milungu 8, osachepera. Ndikudziwa kuti pa milungu isanu chakudya chimakhala chitakulemerani ndipo ofuna akuimba foni. Koma milungu yomalizayi ndi imene make ndi abale ake amamuphunzitsa kuluma mosapweteka ndi kumva akaletsedwa. Tija timagulitsidwa m'mphepete mwa misewu tili ndi milungu inayi, tambiri sitifika mwezi pakhomo latsopano. Wotenga mumupatse khadi la katemera, tsiku la mankhwala a njoka otsatira, ndi kansalu ka fungo la make.

Musaganize zosunga onse. Malamulo a khonsolo ya Harare amalola agalu awiri okha pabwalo losakwana masikweya mita 2,000, ndipo mabwalo athu a ku Highfield ndi Mufakose ndi aang'ono kutalitali. Mukasowa owatenga, kaperekeni ku SPCA. Kuwataya m'thumba mumtsinje wa Mukuvisi ndi nkhanza, ndiponso ndi mlandu.

Ngati galu ndi wa abwana, musalonjeze munthu mwana eni ake asanabwere.

Ndingatenge kamodzi popita kumudzi ku Malawi?

Zimatheka, koma osati kobisa m'chikwama pa basi. Ulendo wodzera ku Nyamapanda, Tete mpaka ku Mwanza ndi wodutsa malire awiri, ndipo pamafunika chilolezo cholowetsera chiweto, chikalata cha dokotala wa boma chotsimikiza kuti kali bwino, ndi umboni wa katemera wa chiwewe. Ndiye kuti kagalu ka milungu 8 sikanafike poyenda. Yambirani ku ofesi ya boma yoona za ziweto miyezi ingapo ulendo usanafike. Ganiziraninso kutentha kwa ku Tete: kagalu kotsekeredwa m'katoni kumalo a katundu sikafika pamalire a Zobue kali moyo.

Sindikufunanso ana ena. Make ndimuchite chiyani?

Galu wamkazi amafuna amuna pafupifupi kawiri pachaka, choncho pakangotha miyezi inayi kuchokera pamene anaswa, agalu aja akhoza kubwereranso pageti. Mpanda sawaletsa, amakumba pansi. Kamutseketseni kwa dokotala mkaka ukauma, cha pa mwezi umodzi ana atasiya kuyamwa. Opaleshoni yake ndi ya tsiku limodzi, ndipo siimulanda kuuwa kapena kulondera. Mapiritsi olera a amayi musamupatse. Ana aakazi amene mwagawa nawonso akhoza kutenga bere ali ndi miyezi 6 yokha, choncho wotenga mumuuziretu tsiku lomwe akunyamula katoni.